Musamuseke wonena kuti “did you went”

Pa zophonya zonse zimene munthu angachite polankhula Chingerezi, palibe chimene chimaseketsa anthu msanga ngati mneni wa nthawi yakale. Mukhoza kusokoneza “in” ndi “on” tsiku lonse popanda wokutsokomolerani. Koma mungoyerekeza kunena kuti “I goed” kapena “did you went” pamaso pa kalasi, mawu anuwo akafika m'magulu a WhatsApp inu musanafike kuhositelo. Ena dzina la mneni amene anamuphonya m'chaka choyamba limawakakamira mpaka tsiku lovala gauni.

Ine nthawi ya tchuthi ndimaphunzitsa Chingerezi ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 kwathu kuti ndipezeko ya sopo, ndipo kuno kusukulu anzanga angapo amandipatsa makalata awo ofunsira ntchito kuti ndiwaonereko asanatumize. Pa ntchito ziwirizi ndawerenga aneni ophonyedwa ambirimbiri, ndipo chimene ndaona n'choti anthu saphonya mwachisawawa. Mwana wa Fomu 3 ndi mnzanga amene watsala miyezi iwiri kuti alandire digiri amapunthwa pa miyala imodzimodzi. Mukachiyang'ana bwino chophonya chilichonse, mupeza kuti mwiniwakeyo watsata lamulo ndithu. Nthawi zina ndi lamulo la Chingerezi limene walipititsa kumene silifika, nthawi zina ndi lamulo la Chichewa limene walisenza n'kuwoloka nalo. Ndikufuna ndionetse zimenezi, chifukwa munthu amene wadziwa chomwe chikumupunthwitsa amawongokera msanga kuposa amene wangosekedwa.

Osamvera lamulo ndi achikulire a m'mudzi

Lamulo la nthawi yakale m'Chingerezi ndi lalifupi: ikani mchira wa -ed kumapeto kwa mneni, basi. “Walk” akhala “walked”, “cook” akhala “cooked”. Aneni zikwizikwi amamvera. Amene amakana, aja aphunzitsi ankatilembera m'mizere itatu pabolodi n'kuwatchula kuti irregular verbs, alipo pafupifupi 200 m'Chingerezi cha masiku ano. Chiwerengerochi n'chochepa, koma ochepawo ndi amene sitingatsegule pakamwa popanda iwo. Aneni amene amamveka kwambiri m'chilankhulochi, monga “be”, “have”, “do”, “say”, “make”, “go”, “take”, “come”, “see” ndi “get”, onsewo ndi osamvera.

Pali chifukwa chake. Kalekale, m'chilankhulo chimene chinabala Chingerezi ndi Chijeremani, nthawi yakale ankaisonyeza posintha lembo la liwu la pakati pa mneni. N'chifukwa chake Mngerezi amati “sing, sang, sung” pamene Mjeremani amati “singen, sang, gesungen”. Jacob Grimm, yemwe uja wodziwika ndi nthano zimene anasonkhanitsa ndi m'bale wake Wilhelm, ndiye anatcha aneni osintha mkati kuti amphamvu, ndipo olandira mchira anawatcha ofooka. Njira ya mchira inabwera pambuyo, koma ndi imene yakhala ikulanda malo. Mneni aliyense watsopano amalowera kumeneko popanda kufunsa, monga “googled” ndi “texted”.

Nkhani ya “went” ndiyo imandisangalatsa kwambiri. Mawuwa sanachokere kwa “go” ayi. Anali a mneni wina, “wend”, wotanthauza kukhota kapena kulowera njira. Mawu a nthawi yakale a “go” mwiniwake anatayika zaka mazana angapo zapitazo, ndipo olankhula anangobwereka “went” osabweza. Ndiye palibe nzeru imene ingakuchotseni pa “go” n'kukufikitsani pa “went”. Kapena munamva, kapena simunamve.

Mu 2007, Erez Lieberman ndi anzake a ku Harvard anasindikiza kafukufuku m'magazini ya Nature. Anatsatira aneni 177 amene anali osamvera m'Chingerezi chakalekale. Pofika m'nyengo ya pakati anali atatsala 145, ndipo lero atsala 98. Anapeza kuti mneni wosamveka kawirikawiri ndiye amagonja msanga n'kulandira -ed, pamene womveka tsiku ndi tsiku amalimba. “Help” kale ankati “holp”, lero aliyense amati “helped” ndipo palibe amaseka. Kutanthauza kuti chimene chinali chophonya m'kamwa mwa munthu wina zaka zambiri zapitazo, lero ndicho chili m'dikishonale.

Ana a Angerezi eniakewo nawonso amadutsa njira yomweyi. Mu 1958, Jean Berko anaonetsa ana a ku America zithunzi n'kuwapatsa mawu ongopeka, ndipo anawo ankaika okha michira yoyenera pa mawu amene sanawamvepo chibadwire. Ofufuza za kaphunziridwe ka ana aonanso kuti mwana amatha kuyamba ndi “went” pongotsanzira, kenako akatulukira lamulo la -ed amasintha n'kumati “goed”, pambuyo pake n'kubwereranso ku “went”. Wonena kuti “goed” wafika pa sitepe yachiwiri. Lamulo walimva, chatsala n'kudziwa achikulire amene lamulolo siliwakhudza.

Ndipo tisanawanene Angerezi kuti chilankhulo chawo n'chosokonekera, tiyang'ane kwathu. Timati “ndili”, “ndinali”, koma za mawa timati “ndidzakhala”. Pamenepa -li ndi -khala agawana ntchito monga anachitira “go” ndi “wend”. Timati “ndili ndi ndalama”, koma potsutsa timati “ndilibe”. Timalamula kuti “pita”, “bwera”, koma tikafika pa kudya ndi kumwa timati “idya”, “imwa”. Palibe anatilembera zimenezi pabolodi tili ana. Tinazimva kambirimbiri mpaka zinakhazikika.

Pamene Chichewa chimawoloka nafe

Aneni osamvera ndiwo amatchuka, koma pa zimene ndawerenga, zophonya zambiri zimachokera pa kusiyana kwa momwe zilankhulo ziwirizi zimagawira nthawi.

Tiyambe ndi “did you went” yemweyo. M'Chichewa, kufunsa funso sikukhudza mneni. “Unapita” amakhala “Kodi unapita?” Mwaika mawu amodzi kutsogolo, zonse zatsala momwe zinalili. Wophunzira akaona “did” kumayambiriro kwa funso, amamutenga ngati “kodi”. Ndiye “you went” akhala “did you went”. Koma “did” si “kodi”. Iye ndi mneni, ndipo wasenza kale katundu wa nthawi yakale. M'Chingerezi katunduyu amasenza mmodzi, choncho “did” akalowa, “went” amatula n'kubwerera kukhala “go”. Chimodzimodzi potsutsa: “I did not go”. Ana anga a Fomu 4 ndimawakumbutsa kuti ngakhale ife mneni timamusintha potsutsa: “ndinapita” amakhala “sindinapite”, a wa kumapeto uja wasanduka e. Akaona kuti amachita kale zimenezi osaganizira n'komwe, mantha amachepa.

Chachiwiri ndi kafotokozedwe ka nkhani. Ife tikamakamba zimene zinachitika, nthawi timaitchula kamodzi, aneni otsatirawo timangowalumikiza: “Anadzuka, n'kusamba, n'kuvala, n'kupita kumsika.” Mneni woyamba yekha ndiye wanyamula -na-. Mwana akamalemba chimangirizo cha Chingerezi amachita zomwezo: “He woke up, bath, dress and go to the market.” Woyamba wamukhoza, ngakhale ali wosamvera lamulo, koma enawo wawasiya chifukwa m'mutu mwake nthawi yanenedwa kale. Chingerezi chilibe n'ku- wotere. Mneni aliyense mumzerewo amafunika avale yekha chovala cha nthawi yakale: “woke”, “bathed”, “dressed”, “went”.

Chachitatu ndi chimene chimavutitsa ngakhale ophunzira a chaka chomaliza. Ife timati “ndafika”, Angerezi amati “I have arrived”, ndipo ziwirizi zimafanana kwambiri moti timayesa ndi mapasa. Koma m'Chichewa n'zololedwa kunena kuti “ndafika m'mawa” kapena “ndafika 7 koloko”. M'Chingerezi, mukangotchula nthawi yeniyeni imene yadutsa, “have” amachoka: “I arrived at seven”. Chiganizo ngati “I have submitted my application last week” ndachiwerenga m'makalata angapo, ndipo wolemba aliyense anali ndi chifukwa chomveka: kalatayo anaitumiza ndipo ikadali komweko, choncho khutu lake la Chichewa likumuuza kuti ntchito ya mneniyo sinathe mphamvu. Khutu lake likunena zoona. Kungoti Chingerezi sichilola kuphatikiza “have” ndi “last week”.

Khutu limeneli ndi chuma chimene ambiri sitidziwa kuti tili nacho. Mukabwera kunyumba mng'ono wanu n'kukuuzani kuti “kwabwera alendo”, mumakonza kolala chifukwa alendowo ali m'nyumba. Akati “kunabwera alendo”, mumadziwa kuti apita. “Ndimapita” akhoza kukhala chizolowezi cha masiku onse kapena chinthu chimene chimachitika m'mawa uja, malinga ndi pamene mwakweza liwu. Tili ndi “ndinkapita”, tili ndi “ndapita”, tili ndi “ndinali nditapita”. Mark Hanna Watkins, katswiri wa zilankhulo wa ku America amene anasindikiza A Grammar of Chichewa mu 1937, anagwira ntchitoyo ndi Kamuzu Banda panthawi imene Banda ankaphunzira ku Chicago, ndipo m'bukumo muli kale kusiyanitsa kwa nthawi yakale imene zotsatira zake zikadalipo ndi imene zotsatira zake zinafafanizika. Munthu amene wakula akusiyanitsa zinthu zosaoneka ngati zimenezi sangalephere kumva kusiyana kwa “I lost my phone” ndi “I have lost my phone”. Amangofunika womuonetsa kuti chachiwiricho ndi “ndataya foni”, ndipo foniyo sinapezekebe.

Zina zimagwirizana bwinobwino. “Ndinkayenda wapansi popita kusukulu” ndi “I used to walk to school”. “Nditafika, basi inali itanyamuka” ndi “When I arrived, the bus had left”. Nthawi imeneyi ya “had left”, imene ana amaiopa ngati ya anthu ophunzira kwambiri, agogo kumudzi amaigwiritsa ntchito tsiku lililonse m'Chichewa.

Palinso nkhani ya katchulidwe. Maphatikizo a Chichewa amathera pa lembo la liwu. Chingerezi chimaunjika malembo opanda liwu kumapeto kwa mawu. Mchira wa -ed umatchulidwa mitundu itatu: ngati t mu “walked”, ngati d mu “played”, ndipo ngati phatikizo lapadera mu “wanted”. Wachitatuyu timamumva bwino. Koma mu “asked” muli s, k ndi t motsatizana, ndipo m'malankhulidwe athu a tsiku ndi tsiku t uja amamezedwa. Chimene khutu silimva, dzanja sililemba. N'chifukwa chake mwana amatha kukhoza “saw” ndi “bought”, amene amati ndi ovuta, n'kuphonya “asked”, amene amati ndi wosavuta.

Nanga tizivutikiranji?

Pali anzanga ena amene akamva zonsezi amati: ngati chilankhulo chimasintha, ndipo “holp” anasanduka “helped”, tisiyeni tizilankhula Chingerezi chathu. Mfundo yawo ili ndi mutu. Angerezi ndi Amereka nawonso sagwirizana: ku Britain mumva “learnt” ndi “got” pamene ku America amakonda “learned” ndi “gotten”, ndipo “snuck” anabadwira ku America pambali pa “sneaked”. Palibe chopatulika pa mndandanda uja wa pabolodi.

Koma ine sindingamuuze mwana wa Fomu 4 zimenezo n'kumusiya. Kuti alandire satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza Chingerezi, ndipo kuti aganiziridwe malo m'mayunivesite a boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi, limodzi mwa iwo la Chingerezi. Malamulo a dziko lino amafunanso kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana. Tikhoza kutsutsana ngati zimenezi zili zachilungamo m'dziko limene ana ambiri amakumana ndi Chingerezi m'kalasi mokha, ndipo mtsutso umenewo ndi woyenera. Koma pamene tikutsutsana, khomo likadali lomwelo, ndipo amene amatsala panja ndi mwana wa kusukulu yopanda laibulale, osati amene anakula akumva Chingerezi patebulo la chakudya.

Komanso pali malo amene nthawi ya mneni imasintha zimene mukunena. Pa CV, “I work at a clinic” akutanthauza kuti mukadali komweko, “I worked at a clinic” akutanthauza kuti munachoka, ndipo “I have worked at a clinic for two years” kawirikawiri amamveka kuti munayamba zaka ziwiri zapitazo ndipo simunasiye. Mnzanga wina anasiya -ed mmodzi pa ntchito imene anagwira patchuthi, ndipo pa intavyu anamufunsa kuti akwanitsa bwanji ntchito ziwiri nthawi imodzi. Mphindi zimene akanafotokoza luso lake anazithera pa kuwongola chinthu chimene sanafune kunena. Wina analemba kuti “I found a debate club” pamene amafuna kunena kuti ndiye anaiyambitsa. “Found” ndi kupeza, kuchokera kwa “find”. Kuyambitsa ndi “founded”. Malembo awiri okha anachotsa m'kalatamo chinthu chachikulu chimene mnyamatayo anachita pa zaka zinayi. Wolemba ntchito amene ali ndi mulu wa makalata patebulo sakhala ndi nthawi yolingalira zimene mumafuna kunena.

Kwa amene timalemba malipoti a kafukufuku, mzere wachitatu uja wa pabolodi ndiwo timadyera. “The samples were taken”, “the forms were given”, “the names were withheld”. Paliponse pamene Chichewa chimati -idwa kapena -edwa, monga “anatengedwa” ndi “anapatsidwa”, Chingerezi chimafuna “taken” osati “took”, “given” osati “gave”.

Zimene ndaona kuti zimathandiza

Kuloweza mndandanda kuyambira “arise” mpaka “write” motsata alifabeti ndi njira imene yatopetsa anthu ambiri popanda phindu lenileni. Aneni osamvera ali ndi mabanja awo, ndipo ndi bwino kuwaphunzira banja ndi banja. Pali banja la “sing, sang, sung”, momwe muli “ring”, “drink”, “swim” ndi “begin”. Pali la “bought”, “brought”, “thought”, “fought”, pamodzi ndi asuweni awo “taught” ndi “caught”. Pali la “know, knew, known”, limodzi ndi “grow”, “throw” ndi “blow”. Pali la “keep, kept”, “sleep, slept”, “feel, felt”. Ndipo pali aulesi amene sasintha n'komwe: “cut”, “put”, “hit”, “shut”, “hurt”. Mukatero, m'malo mwa mawu 200 obalalika mumakhala ndi timagulu towerengeka, kuphatikizapo osowa abale ngati “go” ndi “be” amene mumawamva tsiku lililonse.

Ena ochepa ndi ofunika kuwaika pambali chifukwa amapusitsa ngakhale eni chilankhulo. “Read” amalembedwa chimodzimodzi lero ndi dzulo, koma wa dzulo amatchulidwa ngati “red”. “Lead” wa dzulo ndi “led”, mawu ofunika kwambiri pa CV. “Lie” wa kugona amakhala “lay”, pamene “lie” wa kunama amakhala “lied”.

Koma choposa zonse ndi kumva ndi kugwiritsa ntchito. Ngati aneniwa apulumuka zaka mazanamazana chifukwa chomveka kawirikawiri, ndiye kuti m'mutu mwanunso adzakhazikika mwa njira yomweyo. Werengani nkhani zofotokoza zimene zinachitika: mabuku a nthano, mbiri za anthu, ngakhale malipoti a mpira m'nyuzipepala, amene amadzaza ndi “won”, “lost”, “drew”, “beat” ndi “shot”. Ana anga ndimawauza kuti usiku uliwonse alembe ziganizo zisanu za zimene achita tsikulo, poyamba m'Chichewa, kenako m'Chingerezi, n'kudula mzere pansi pa mneni aliyense. Pamene Chichewa chati n'ku-, ayang'ane ngati mneni wa Chingerezi wavala. Pamene chati “kodi”, ayang'ane amene wasenza nthawi. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo pakatha milungu ingapo amayamba kudzigwira okha cholembera chisanafike kumapeto kwa chiganizo.

Apa ndi pamene kuseka kumaonongera zinthu. Mneni wosamvera amakhazikika pomutchula kambirimbiri, koma munthu amene wasekedwa amasiya kutchula. M'makalasi athu muli anthu amene amadziwa yankho koma sakweza dzanja, chifukwa asanalankhule amayamba ayeza mneni aliyense m'mutu, ndipo pomaliza kuyeza mphunzitsi wapita kale pa funso lina. Ambiri mwa iwo ndi amene anayenda mtunda wautali kwambiri kuti afike pano. Amene amaseka nthawi zambiri sanachite khama lililonse kuti adziwe “went”, anangomupeza m'nyumba ya makolo awo monga tinapezera “ndilibe” tonsefe.

Sindikunena kuti tizisiyana m'zophonya. Mnzanu akakupatsani kalata yake, muwongolereni mneni aliyense, chifukwa kunja kuno palibe adzamuchitire chifundo. Akaphonya polankhula, dikirani anthu abalalike, mumuuze muli awiri, ndipo mumuuze chifukwa chake: kuti “did” wasenza kale nthawi, kuti “have” sayenda ndi “yesterday”. Kufotokoza kotere kumatenga mphindi imodzi, ndipo mnzanuyo mawa adzakwezanso dzanja.